Mchombo Usanagwe

Aphunzitsi athu a Gerevazio anali munthu wabwino, koma anali ndi nthenda imodzi: chilichonse chimene aona ku misoni ankafuna chifikenso kwathu kuno kunsi kwa Chongoni. Ataona Abambo ansembe akuyenda ndi ambulera, iwo anasoka yawo ya nsungwi ndi masamba a nthochi, ndipo mbuzi inawadyera ali m'kati mophunzitsa ana. Ataona belu, anapachika khasu lakutha pa mkuyu, n'kumaliwomba ndi mphamvu zonse mpaka agalu a m'mudzi anaphunzira kuyankha. Ndiye chaka chija nkhondo ya Azungu itatsala pang'ono kuyamba, nditawaona akutsika phiri akumwetulira okha, ine Anastazia ndinauza amuna anga kuti, "Konzekani, kwabweranso china."

China chakecho chinali khola. Anatisonkhanitsa m'katchalitchi kathu ka udzu, kamene m'kati mwa sabata kanali sukulu, natifotokozera kuti pa Khirisimasi Abambo amamanga kakhola pangodya ya tchalitchi, n'kuikamo tizidole tochokera ku Ulaya: Mariya, Yosefe, ng'ombe, bulu, abusa, ndipo pakati penipeni khanda Yesu litagona pa udzu.

"Pa udzu?" anafunsa mayi wina kumbuyo. "Mphasa analibe?"

"Anali pa ulendo, mayi."

"Ulendo wanji woyenda munthu ali wotopa, wopanda ngakhale kansanza? Apongozi ake anali kuti?"

Aphunzitsi anakhosomola, funsolo n'kulilumpha ngati thope la panjira. "Za ku Ulaya sitingazipeze," anatero, "koma dongo tili nalo, ndipo woumba tili naye."

Tonse tinacheuka kuyang'ana pamene pankakhala mng'ono wanga Jesinta. Panalibe munthu.

Jesinta ndiye anali mmisiri wa mbiya dera lonse kuyambira kwathu mpaka ku Mphunzi. Mtsuko wake ukaugogoda ndi chala unkalira bwino, ndipo mwini wakeyo anali wa phwete, woti akaseka kudambo unkamumva uli kumunda. Koma m'nyengo yachisanu ya chaka chimenecho anabereka mwana wake woyamba, wamwamuna, ndipo mwanayo sanakhalitse. Anatisiya ali m'chikuta, m'nyumba ija imene mayi amabindikiramo ndi khanda mpaka mchombo utagwa.

Kwathu mwana wopita mchombo usanagwe sankawerengedwa. Analibe dzina, analibe maliro, amuna sankapitako. Amayi okhaokha ankamukulunga m'kansalu, kukamuika m'kadzenje kumphepete kwa manda, n'kubwerako chete ngati achokera kotola nkhuni. Azamba a m'mudzi mwathu, a Nangondo, anauza Jesinta kuti, "Usalire, ungatseke mimba. Ameneyu sanali munthu, anali madzi chabe, wangobwerera." Jesinta anamvera, sanalire. Koma kuyambira tsikulo sanasekenso ndipo sanakhudzenso dongo. Anafunsapo aphunzitsi ngati Mulungu amawadziwa ana opanda mayina. Aphunzitsi anatsegula kabuku kawo, anakatseka, anakanda m'mutu, nati adzafunsa Abambo. Jesinta sanapondenso m'tchalitchi. Mwamuna wake Dominiko, mkamwini wofatsa wa makutu aakulu, sanaione n'komwe nkhope ya mwana wake, ndipo sankadziwa pamene anagona.

Zinkandiwawa zedi. Mng'ono wanga ankafota ndikumuona ndi maso angawa, ndipo ndinkaopa kuti tsiku lina tidzamuperekeza iyenso, maliro ake okhala ndi ng'oma ndi zonse, pamene chomupha tinachiletsa kulira ndife tomwe.

Tsono aphunzitsi atandituma kuti ndikamupemphe, sindinapite chimanjamanja. Ndinawauza ayambe aumba okha ng'ombe kuti tione. Anaumba ndi mtima wonse, lilime lili kunja, ndipo chimene chinatuluka ndinachinyamula m'lichero n'kukachiika pakhonde pamene Jesinta anakhala akuyang'ana nkhuku.

Anachiyang'ana nthawi yaitali. "Ichi n'chiyani?"

"Ng'ombe. Aumba ndi aphunzitsi."

"Mutu wake ndi uti?"

"Iwo akuti ndi uwu. Ine ndimayesa ndi uwo."

"Ng'ombe zinawalakwira chiyani?"

"Usadandaule," ndinatero ndikunyamuka, "mawa akuti aumba Mariya."

Sindinafike ndi pa nkhokwe pomwe. "Bwererani nacho," anatero Jesinta. "Dongo limeneli sanalipondenso bwino. Muli timiyala."

Mmisiri ndi mmisiri basi, ungamutsekere pakamwa koma zala zimamuyabwa. M'sabata lomwelo pakhonde pa Jesinta panadzaza tianthu totalika ngati chikhatho. Mariya anamutema mphini m'masaya, chifukwa mkazi wokongola wopanda mphini Jesinta anali asanamuonepo. Abusa anawapatsa mbuzi, poti nkhosa kwathu zinali zosowa. Yosefe anatuluka ndi makutu a Dominiko, ndipo bulu, amene Jesinta anangomuonapo kamodzi Abambo atakwerapo, anatulukanso ndi makutu omwewo. Anthu ankabwera kudzaona, n'kumayang'ana Yosefe, kuyang'ana bulu, kenako kuyang'ana Dominiko. Mlamu wangayo ankangomwetulira, popeza aka kanali koyamba kuona mkazi wake atadetsa manja chichokere chisanu chija. Akanamuumba ngati nguluwe akanavomerabe.

Koma khanda anakana. "Zonse ndaumba," anatero, "khanda ayi."

Aphunzitsi anachonderera mpaka thukuta. Khirisimasi yopanda khanda, anati, ili ngati ukwati wopanda mkwatibwi. Atalephera anaganiza zokulunga chitsononkho m'kansanza n'kuchigoneka pa udzupo, poti kuchokera patali ndani angadziwe. Mawu amenewa ine ndinakawatula kwa Jesinta osachotsapo kanthu, mwinanso ndinawonjezera kamchere pang'ono. M'mawa mwake anatenga khasu ndi dengu, n'kupita yekha kokumba dongo.

Ndinamupeza masana kuseri kwa nyumba, atatambalala, chinthu chili pamiyendo. Sichinali kachidole ngati tinzake tija. Linali khanda lenileni, msinkhu wake wa khanda, miyendo yopinda, nkhonya zofumbata, liwombo lolowa pang'ono, ndipo pamimba panali mchombo womanga ndi kaluzi monga amamangira azamba. Ankalikulungiza ndi kamwala pang'onopang'ono ngati akulisambitsa. Nkhopeyo ndinaidziwa, chifukwa ndine ndinamusambitsa mwana uja. Ndinabwerera chambuyo, ndipo ndinakalirira m'munda mwa nyemba kumene kunalibe wondiletsa.

Khirisimasi imabwera m'dzinja, ndipo dzinja si nyengo youmba. Zoumbazo tinaziumitsa pansanja pamwamba pa moto, kenako tinazinyamula m'madengu kupita nazo ku phanga la m'phiri la zolembalemba zoyera za makolo, kumene mvula sifika, n'kuunjika makungwa ndi ndowe zouma. Lamulo lowotcha mbiya aliyense amalidziwa: amene wagona mphasa imodzi ndi mnzake wa m'nyumba asayandikire, chifukwa ndi wotentha, ndipo dongo limaphulika. Ife amayi tinali titawathamangitsira amuna athu kumphala sabata lonse, ndipo ankatiyang'ana ngati tawalanda ndiwo. Aphunzitsi okha ndiwo anabwera kudzayang'anira ntchito, manja kumbuyo.

"Zimenezo n'zachikunja," anatero titawakumbutsa lamulolo. "Moto sudziwa za m'nyumba mwa munthu."

Asanatseke pakamwa tinangomva phuu! Mutu wa ng'ombe unauluka m'motomo n'kudzagwera pa mapazi awo penipeni, nyanga zili m'mwamba. Tonse tinatembenukira kwa Victoria, mtsikana amene aphunzitsiwo anali atangomukwatira mwezi wapitawo. Victoria anakoka nsalu n'kudziphimba kumaso, ndipo phanga lonse linagwa ndi phwete mpaka mileme inatuluka. Aphunzitsi anafotokoza kuti m'dongomo munatsala mphepo, koma palibe anawamva. Jesinta yekha sanaseke. Anali atagwada akuyang'ana pamene panali khanda, ndipo phulusa litazizira analitulutsa lamphumphu, lofiirira, lopanda mng'alu ngakhale umodzi.

Titakaziika m'khola m'pamene tinaona vuto lina. Mariya ataima ankalekeza m'khwapa mwa mwana wake atagona. Yosefe akanatha kubisala kuseri kwa phazi.

"Mwana kuposa amake!" anadandaula aphunzitsi atagwira m'mutu.

"Nanga si mumati ndi Mulungu?" anatero amuna anga, amene chiyambire anali asanayankhepo funso la katekisimu molondola. Nkhani inathera pomwepo.

Tsiku loti mawa ndi Khirisimasi kunatulukira a Nangondo. Iwo za tchalitchi sankazifuna, ankati Mulungu wofuna kumuimbira sabata lililonse ndi wotopetsa. Koma anamva kuti m'tchalitchi cha aphunzitsi muli khanda logona pa udzu, amuna akungolowa ndi kutuluka ngati pamowa. Analowa osaodira, fodya ali pamphuno, nawerama pakholapo. Anakweza kansalu kamene Jesinta anafunditsa mwanayo. Kenako anakuwa mawu amene anamveka mpaka kumadimba.

"Mchombo sunagwe! Amuna nonse panja!"

"Mayi," anatero aphunzitsi mwaulemu, "limeneli ndi dongo."

"Dongo? Simwalengeza mudzi wonse kuti kubadwa mwana wa Chauta?"

"Ndi chifanizo chake chabe."

"Ndiye mukufuna mumutsemphe mwana wa Chauta pachifanizo, mvula itithawe tonse? Inuyo makamaka, amene munaphulitsa ng'ombe? Tulukani!"

A Nangondo anatola tsache. Aphunzitsi a Gerevazio, munthu wodziwa kuwerenga, wovala malaya a mabatani, anatuluka m'tchalitchi mwawo chothamanga, tsache likuwapeza m'miyendo. Amuna ena sanadikire kuuzidwa kawiri.

Sindinama, ife amayi zinatikomera, ndipo ine ndinali patsogolo. Tchalitchi chinasanduka chikuta nthawi yomweyo. Wina anabwera ndi mphasa, wina nkhuni, wina mtsuko wa madzi ofunda. Tinakoleza moto pakati pa nyumba ya Mulungu kuti mwana asazizidwe. Mnzathu Magadalena anaphika phala la mchembere n'kuliika patsogolo pa Mariya m'chipanda chimene Mariyayo akanatha kusambiramo, ndipo popeza mchembereyo sankadya, tinamuthandiza. Yosefe ndi abusa tinawatulutsa, poti nawonso ndi amuna, n'kuwaimika pakhonde moyang'ana kuthengo. Bulu tinakambirana nthawi yaitali, koma pomaliza anatuluka nayenso. Chitseko tinachimanga ndi luzi.

Aphunzitsi anabwera pa kazenera, kabowo kolowa mutu wokha. "Nanga chikuta chimenechi chitha liti?"

"Mchombo ukagwa," anayankha a Nangondo.

"Mayi, mchombowo ndi wowotcha pamoto. Sudzagwa mpaka dziko litatha."

"Ndiye tidikira."

Walira mvula walira matope. Anafuna khanda aphunzitsi, khanda analipeza, ndi miyambo yake yomwe. Anakakhala pansi pa mkuyu ndi amuna anzawo, ndipo Dominiko anawagawira chinangwa chootcha kuti mtima ukhale pansi.

M'kati monsemo Jesinta anakhala pafupi ndi khola. Ife tikuvina, tikuseka, tikuphunzitsa Mariya kagwiridwe ka bere, iye ankangokonza kansalu paphewa la mwanayo mphepo ikalowa. Ndinaona kuti masewera athuwa kwa iye sanali masewera. Tinali titamubwezera m'chikuta momwe muja, ndi azamba omwe aja, ndipo chimwemwe changa chinazirala.

M'mawa wa Khirisimasi kunacha ndi nkhungu, Chongoni osaoneka, mvula ikuwaza. Khasu linalira pa mkuyu, agalu anayankha, anthu anabwera atadzola nsatsi mpaka kunyezimira. Amayi tinalowa. Amuna anaima panja m'matope, atavala zawo zabwino, akusuzumira m'ming'alu ya khoma. Aphunzitsi anaima pa kazenera, Dominiko atawagwirira tsamba la nthochi pamwamba, nayamba kutisimbira nkhani ya kubadwa, mutu uli m'kati, thupi lili panja.

Anatiuza za ulendo, za kusowa malo ogona, za mwana wobadwira kumene kumagona ziweto. A Nangondo ankapukusa mutu pa chilichonse, akudandaula za anthu a dziko limenelo. Kenako aphunzitsi anafika pa abusa: kuti anali kubusa, kuti angelo anadzaza kumwamba n'kuimba, kuti abusawo anasiya ziweto n'kuthamanga kukaona mwanayo.

"Taimani," anatero a Nangondo. "Abusawo aakazi?"

"Aamuna."

"Anaima panja."

"Analowa, mayi."

"Analowa? Osasamba?"

"Ndi fungo lawo lomwe la kubusa."

"Azamba anali kuti?"

"Kunalibe azamba."

A Nangondo anagwira pachifuwa. "Ndiye mwanayo anatupa."

"Sanatupe," anatero aphunzitsi, ndipo mawu awo anayamba kukoma ngati munthu amene waona kuti mlandu ukumukomera. "Anakula bwinobwino, mpaka anasenza mitengo."

Panja panabuka chisokonezo. "Ife ndife abusa!" anakuwa amuna anga. "Titsegulireni, tatumidwa ndi angelo!" Ena anayamba kulira ngati mbuzi, ena kugogoda khoma, mkulu wina wopanda mano anayamba kuvina m'matope atanyamula Yosefe paphewa. Ife m'kati tinkaseka mpaka kugwirana. A Nangondo anaima pachitseko ndi tsache lawo, akulumbira kuti wolowa aona.

"Aphunzitsi."

Mawuwo sanali okweza, koma tinali tisanawamve m'nyumba imeneyo kwa miyezi yambiri, ndipo phokoso linazima ngati moto wothiridwa madzi. Anali Jesinta. Sanacheuke, ankayang'ana khandalo.

"Angelowo anaimba liti?"

"Tsiku lomwelo, mayi. Atangobadwa."

"Mchombo usanagwe?"

"Usanagwe."

"Dzina anali nalo?"

"Dzina linafika mwana asanabadwe n'komwe. Amake anauzidwa mimba isanaoneke."

"Ndiye kumwambako mwana wa tsiku limodzi amamuwerenga."

Ndinaona dzanja la aphunzitsi likunyamuka kupita kumutu, koma kazenerako kanali kothina, silinafike. Anayang'ana mng'ono wanga, madzi a mvula akutsika m'khosi mwawo. "Mayi," anatero, "munandifunsa funso ndipo ndinathawa. Zambiri sindizidziwa. Koma ichi chokha ndachiwerenga ndi maso anga: kumwamba konse kunatuluka kudzaimbira mwana wobadwa tsiku lomwelo. Sanadikire mchombo."

Jesinta ananyamula khanda la dongo lija n'kuimirira. Anapita kuchitseko. A Nangondo anakweza tsache, anamuyang'ana kumaso, n'kulitsitsa. Jesinta anamasula luzi ndi dzanja limodzi, natuluka pamvula, amuna n'kupatuka. Anaima patsogolo pa Dominiko, amene anali adakagwira tsamba la nthochi, namupatsa mwanayo m'manja.

"Ankaoneka chonchi," anatero.

Dominiko anataya tsamba lija. Anamulandira mwanayo monga amalandirira amuna, zigongono zili uku ndi uku, akuopa kuthyola kanthu. Anayang'ana nkhope, anakhudza tizala timodzitimodzi ndi chala chake chachikulu chong'ambika ndi khasu. "Ndinali nditamukonzera dzina," anatero. "Ndinkati akatuluka m'chikuta ndidzamutcha Timoteyo. Sindinauze munthu."

Pamenepo Jesinta analira. Sikunali kusisima ayi, inali mfuu ya maliro, yotuluka pansi pa mimba, imene inakhala ikudikira chichokere chisanu chija. Anagwa pansi m'matope akuitana, "Timoteyo, mwana wanga ine! Timoteyo!" Ndinamugwira, nanenso ndinalira, ndipo mtima wanga unapepuka kwa nthawi yoyamba m'chaka chimenecho. Ulendo uno a Nangondo sanamuletse.

"Ndikufuna ndikaone pamene anagona," anatero Dominiko.

Amayi tinayang'anana. Mwamuna anali asanapondepo kumeneko chilengedwere mudzi. Ndipo udzu unali utamera, moti ngakhale ine sindikanaloza malo enieni. Wodziwa anali mmodzi yekha. A Nangondo anafwenthera fodya, anayang'ana kumwamba ngati akufuna aone ngati mvula ithawedi, kenako anaponya tsache pakhonde.

"Ngati abusa analowa," anatero mokalipa, "tiyeni. Koma wopondapo mwana wa mwini ndimuswa mwendo."

Sindinaonepo ulendo wa kumanda wotero. Patsogolo a Nangondo ndi ndodo yawo, kenako Dominiko ndi khanda la dongo, Jesinta atatsamira pa ine, kumbuyo mudzi wonse. Nyimbo ya maliro a khanda kunalibe, popeza palibe anaipekapo, ndiye aphunzitsi anayambitsa ya Khirisimasi imene anatiphunzitsa, yachimwemwe, yothamanga. Tinaiimba tikulira, amuna akuphonya mawu monga mwa masiku onse, ana akudumpha m'zithaphwi, mkulu uja adakasenza Yosefe.

Kumphepete kwa manda kuli mitengo ya masuku, ndipo nthawi imeneyo anali atagwa mbwee, opanda wotola. A Nangondo anapatula udzu ndi ndodo, naloza pamalo osaoneka kanthu. "Apa." Jesinta ndi Dominiko anagwada. Aphunzitsi anapemphera, ndipo dzina la Timoteyo analitchula mokweza, kuti ngati kumwamba kunali kotanganidwa ndi chikondwerero amvebe.

Titati tizibwerera, Magadalena sanasunthe. Anali ataima pafupi ndi chulu chaching'ono akupotokola nsonga ya nsalu yake. "Aphunzitsi," anatero, "wanga ali apa." Mwamuna wake anamuyang'ana kukamwa kuli yasa. Kenako mayi wina anapita pansi pa msuku wina naima. Kenako wina. Posakhalitsa amayi anali atabalalika m'tchire monsemo, aliyense ataima pa kamalo kake, ena pawiri, akuitana amuna awo ndi dzanja. Amene anaiwala malo ankafunsa a Nangondo, ndipo iwo ankaloza ndi ndodo osaphonya, akukalipa kuti amayi a masiku ano alibe mitu.

Ndiye kunali kutcha mayina! Aphunzitsi ankathamanga uku ndi uku m'udzu wonyowa, malaya a mabatani atamatirira pamsana, akupempherera uyu, akuitanidwa ndi uyo. Mayina a oyera amene ankawadziwa anatha, anayambanso poyamba. Tinakhala ndi a Rafaelo angapo pansi pa mtengo umodzi. Banja lina linakangana ngati mwana wawo anali wamkazi kapena wamwamuna, mpaka a Nangondo anagamula kuti anali wamkazi ndipo anali ndi mphuno ya bambo ake, mwatsoka. Mkulu wopanda mano uja anapeza kuti ali ndi ana aamuna awiri amene sanawadziwe, ndipo ankauza aliyense wodutsa, akuseka, misozi ili chuchuchu. Kulira ndi kuseka zinasakanikirana moti sunkadziwa kuti mnzako akuchita chiti.

Pomaliza ndinaona a Nangondo ataima okha patali, pansi pa msuku wakale wokhota. Anakodola aphunzitsi. Ine ndinasendera, poti makutu anga sanaphunzire ulemu.

"Za Mulungu wanuyo ine sindinalowe," anatero, "ndipo musayese kuti ndalowa. Koma apa pali atsikana anga awiri."

"Tiwatche ndani, mayi?"

"Mayina anu a Chizungu sungani. Ali nawo kale." Anawatchula motsitsa, aphunzitsi okha ndiwo anamva, ndipo anawerama napemphera. A Nangondo anayang'ana kumbali nthawi yonseyo, akusisita mphuno ngati fodya wawalowa molakwika.

Mvula inayamba kulimba. Anthu anayamba kubwerera kumudzi magulumagulu, akukumbutsana za nkhuku zimene zinkadikira mpeni ndi thobwa limene linkadikira makosi. Dominiko anavula malaya ake n'kufunditsa khanda la dongo. Jesinta yekha anali adakagwada pamalo paja, akuzula udzu ndi manja, akusalaza dothi. A Nangondo podutsa anaima, namuyang'ana, nagogoda ndodo pansi.

"Make Timoteyo! Dzuka apo, udwala nacho chinyezi."

Jesinta anacheuka kumbuyo kuti aone amene akuitanidwa. Kumbuyoko kunalibe munthu. Anayang'ana a Nangondo, anayang'ana ine, kenako anapukuta manja pa nsalu yake n'kuimirira.

"Wawa, mayi," anayankha.